Mwana akuloweza m'malo mowerenga: chochita pakhomo

Mwana wa achimwene anga anabwera kudzakhala nafe ali mu Sitandade 2. Madzulo a tsiku loyamba anatulutsa buku lake la Chichewa m'jumbo, n'kuwerenga tsamba lonse osadodoma ngakhale pamodzi, mawu akukwera ndi kutsika ndendende ngati aphunzitsi ake. Tinaomba m'manja, agogo ake mpaka anaimba nthungululu. Koma tsiku lachitatu, nditakhala naye pafupi pamkeka, ndinaona kuti chala chake chinali chikadali pamzere wachiwiri pamene pakamwa panali patafika kale pamzere wachinayi. Ndinatola khala pambaula, n'kulemba pansi pakhonde kuti mano. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anadzutsa mutu.

"Azakhali, amenewa sitinaphunzire."

Malembo onse anayi a mawuwo anali patsamba lomwe anali atangomaliza kumene. Mwanayo analoweza tsambalo monga momwe amalowezera nyimbo ya ku Sande sukulu. Ndipo sanali kutinamiza ayi, iye ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kuwerenga n'komweko. Vuto limeneli ndaliona mobwerezabwereza kwa ana a abale ndi a anansi. Limabisala chifukwa mwana woloweza amaoneka wanzeru, ndipo ndi wanzerudi. Limadzaonekera mu Sitandade 3 kapena 4, masamba akatalika moti mutu sungathenso kuwasunga, ndiye makolo n'kumadabwa kuti mwana amene ankakhoza bwino wabwerera bwanji m'mbuyo. Kuloweza komweku kumapezekanso m'masamu ndi polemba, ndipo kumathetsedwa ndi zinthu zomwe zili kale pakhomo panu.

Yambani mwamuyesa

Musamuuze kuti ndi mayeso. Tsegulani tsamba limene amalidziwa bwino, phimbani chithunzi ndi dzanja, mulozereni mawu omaliza a mzere womaliza, kenako ena a pakati. Mwana wowerenga amayang'ana pomwe mwalozapo. Woloweza amayamba kunong'ona kuchokera pamwamba pa tsamba kuti akafike pamenepo, kapena amayesa kusuzumira pansi pa dzanja lanu.

Lembaninso maphatikizo mosokoneza. Ana ambiri amaimba ba be bi bo bu ngakhale ali m'tulo. Inu lembani bo, kenako bi, kenako ma, kenako bu. Ngati kuti atchule bo akuyamba wadutsa pa ba be bi, ndiye kuti akudziwa nyimbo, maphatikizowo sanawagwire.

Pa masamu, ikani nyemba zisanu ndi ziwiri pamphasa, awerenge. Akamaliza mufunseni kuti, "Zilipo zingati?" Akayambiranso kuwerenga m'malo mongoyankha, sanamvetse kuti nambala yomaliza ndiyo kuchuluka kwa nyemba zonse. Kenako zitalikitseni nyemba zomwezo iye akuona, mumufunse ngati zachuluka. Pa kulemba, tsekani buku, mumutchulire mawu ofupika ngati moto kuti alembe yekha. Pali ana amene makope awo ndi aukhondo kuposa anu, koma zonsezo n'zokopera pabolodi, ngati kujambula maluwa.

Zimachokera kuti?

Aphunzitsi sindiwaimba mlandu. Kuyambira mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana anadzaza m'sukulu, ndipo mpaka lero si zachilendo kupeza ana opitirira 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1, ena pansi pa mtengo. M'gulu lotero njira yapafupi ndi yoti onse ayankhire pamodzi. Mwana wanu amatsegula pakamwa limodzi ndi anzake, amatsatira mawu a amene ali kutsogolo, ndipo palibe angadziwe kuti maso ake sali pa lembo. Mabuku akachepa, anayi n'kumaonera limodzi, wakumapeto amangomvera ndi makutu. Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga mu 2016, ya Sitandade 1 mpaka 4, yomwe imatsindika maliwu a malembo ndi maphatikizo. Njirayo ndi yabwino. Chimene mphunzitsi mmodzi sangathe ndicho kumvetsera mwana aliyense payekha tsiku ndi tsiku, ndipo gawo limenelo ndi lomwe latigwera ife pakhomo.

Nafenso makolo timathandizira vutoli mosadziwa. Timayamikira liwiro. Alendo akabwera timaitana mwana kuti, "Tabwera uwawerengere amalume mpaka handiredi," iye n'kuimba, n'kupatsidwa K100. Waphunzira kuti chofunika n'kumaliza msanga osapunthwa.

Maliwu ayambe, mayina a malembo abwere pambuyo

Apa ndi pomwe pamakodwa ana ambiri, makamaka amene anadutsa ku nasale n'kuloweza nyimbo ya afabeti ya Chingerezi. M'nyimboyo lembo la a amalitchula kuti ei, la e amati i, la i amati ai. Ndiye mwana akaona e m'buku la Chichewa amati i. Mukamupatsa mawu oti mano amati emu, ei, eni, o, ndipo maliwu amenewo ngakhale muwaphatikize chotani sangatulutse mano.

Chichewa chili ndi mwayi waukulu: malembo a liwu ndi asanu okha, a e i o u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pomwe lili. Yambani ndi amenewa, sabata yonse ngati kuli kofunika. Alembeni pa zidutswa za katoni, lembo limodzi pachidutswa, aakulu ngati chikhatho. Asakanizeni m'lichero, mwana azitola limodzi n'kutchula. Osawandandalika motsatana, chifukwa nyimbo ija ibwerera.

Akawagwira asanuwa, onjezani malembo opanda liwu. Ine ndimayamba ndi amene amakokeka pakamwa: m, n, l, s, f. Mutha kunena mmmm nthawi yaitali, kenako n'kutsetserekera pa a osadula mpweya: mmmaaa, ma. Ikani katoni ya m kumanzere, ya a kumanja, muzizisendeza pang'onopang'ono uku mukukoka liwu, mpaka zigundane. Mwana amaona ndi maso kuti maliwu awiri asanduka phatikizo limodzi. Malembo ngati b, d, t ndi k sakokeka, choncho abwere mwana atamvetsa kale kachitidwe kake. Funsaninso aphunzitsi malembo amene afika m'kalasi kuti muziyendera limodzi.

Mukakhala ndi maphatikizo ochepa, musachedwe kupanga mawu enieni. Ndi zidutswa zisanu ndi ziwiri zokha, ma, mo, no, to, ta, la ndi lo, mutha kupanga mano, moto, malo, tola, lota, lola ndi mata. Mwana akaphatikiza ma ndi no, mufunseni kuti, "Ali pati?" Aloze m'kamwa mwake. Akawerenga tola, atole kanthu pansi. Kuyambira tsiku loyamba adziwe kuti zolembedwa zimanena kanthu.

Akutchula maphatikizo koma mawu sakutuluka

Ena amafika poti ma amatchula bwino, no amatchulanso bwino, koma mukawafunsa kuti mawu onse ndi chiyani amangoti kakasi, kapena amaponya mawu ena alionse oyamba ndi ma. Apa ikani malembo pambali kwa masiku angapo. Vuto lili m'khutu, maso alibe mlandu.

Sewerani naye pakamwa pokha mukugwira ntchito zina. Mukuphika, nenani moduladula kuti, "Kanditengere mba... le." Kenako, "chi... pa... nde." Kenako, "m... thi... ko." Iye aganize chimene mwanena n'kukatenga. Akazolowera musinthane, iye azidula mawu inu muziphatikiza, ndipo nthawi zina muzilakwitsa dala kuti akukonzeni. Ana amakonda kwambiri kukonza akuluakulu. Muziombanso m'manja potchula mayina a anthu a pakhomo, kuomba kumodzi pa phatikizo lililonse. Khutu likazolowera kuti mawu amaduka n'kulumikizikanso, bwererani ku makatoni aja. Atchule koyamba pang'onopang'ono, kachiwiri mofulumirako, kachitatu ngati akuyankhula ndi mnzake.

Pofika pa nkhuku, mphaka ndi ng'ombe

Mwana amene wayamba kuyenda bwino pa maphatikizo a malembo awiri amadzaima akakumana ndi nkhu, mpha, ntchi, nthu, dzi, tsa, bwa ndi ena otere. Apa ndi pomwe ambiri amabwerera ku zongoganizira. Musamupatse phatikizo lonse nthawi imodzi. Limangeni iye akuona: lembani ku, pansi pake khu, pansi pake nkhu, kenako nkhuku. Chimodzimodzi pa, pha, mpha, mphaka. Aone kuti chachilendocho n'chomwe akuchidziwa kale, changovala zina pamwamba.

Lembo la h m'mawu ngati phala ndi khola limavuta ana chifukwa palokha silimveka bwino. Thothokani nthenga ya nkhuku, kapena dulani kapepala kopepuka, aigwire pafupi ndi milomo. Anene pala, nthenga ingogwedera pang'ono. Anene phala, nthenga iuluka. Ayesenso kola ndi khola. Mpweya umene ukukankha nthengawo ndiwo h. Mwana wa achimwene anga anatha madzulo onse akuuluza nthenga pakhonde, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanasiyenso h polemba thumba.

Kachizindikiro ka m'mawu oti ng'ombe, ng'oma ndi ng'ona nakonso kamafuna tsiku lakelake. Muyerekezereni ndi ngolo ndi ngongole, amve kuti m'mawu enawa g akumveka, pamene mu ng'ombe liwu likutulukira m'mphuno. Za l ndi r musalimbane nazo msanga. Lamulo la kalembedwe limati r amabwera pambuyo pa e kapena i, ngati mu lero, mbiri ndi kulira, koma pakamwa pathu maliwu awiriwa amasinthana, ndipo mwana wa Sitandade 1 akalemba lelo wamva bwino. Adzakonza akamawerenga zambiri.

Nanga b ndi d? Pafupifupi mwana aliyense amawasokoneza poyamba, ndipo n'zomveka: kapu ndi kapu, kaya chogwirira chaloza kumanja kapena kumanzere, ndiye iye amadabwa kuti lembo likatembenuka limasandukiranji lina. Musawaphunzitse tsiku limodzi. Tengani b yekha kwa sabata, alembe pamchenga uku akunena kuti, "Ndodo kaye, kenako mimba." Sabata inayo d: "Mimba kaye, kenako ndodo," poti d amayamba ngati a. Dzanja likazolowera njira ziwiri zosiyanazi, maso amatsatira. Pambuyo pake mupatseni bala ndi dala kuti asiyanitse.

Dzulo amadziwa, lero waiwala

Izi zimapweteka mtima, ndipo ndi pomwe makolo ambiri amapsera mtima. Kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti tinamupatsa zambiri nthawi imodzi, kenako tinadumpha masiku anayi. Mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Loweruka. Yambani ndi zadzulo ndi zadzana, kenako chatsopano chimodzi kapena ziwiri basi. Akaiwala theka la zadzulo, lero musaonjeze kanthu.

Malembo a sabata imeneyo alembeni ndi khala kapena choko pomwe amadutsa kawirikawiri, pafupi ndi chitseko kapena pa ndowa ya madzi. Mukamayenda naye, asakesake lembo lake pa zikwangwani. Chenjerani pang'ono ndi mapaketi a m'golosale, chifukwa ambiri ndi a Chingerezi, chimene malembo ake satsata malamulo omwe mukumuphunzitsawa. Zowerenga za Chichewa zilipo ngati mutazifuna: buku la nyimbo la kutchalitchi, zikwangwani za uthenga wa zaumoyo kuchipatala, mitu ya nkhani yoyenera ana imene mwasankha mu Tamvani wa m'nyuzipepala ya Weekend Nation, komanso mabuku a ana ku nthambi za National Library Service. Koma zoposa zonse ndi ziganizo zomwe mwalemba nokha zokhudza moyo wake: "Agogo agula usipa." "Mbuzi yalowa m'munda." Zimenezi sangaloweze chifukwa zimasintha tsiku lililonse.

Akuwerenga koma sakumva

Palinso kuloweza kwa mtundu wina, komwe mwana amatchula mawu onse molondola koma mukamufunsa zimene wawerenga sadziwa. Mankhwala ake ndi funso limodzi pakutha pa chiganizo chilichonse. Ndani wagula usipa? Mbuzi yalowa kuti? Mulembereni timakalata tomutuma: "Tenga supuni ziwiri uike patebulo." Akachita zimene zalembedwa, wamva.

Nthano za madzulo ndi ndagi zimagwira ntchito yaikulu pano kuposa momwe timaganizira. Mwana amene amayankha kuti "Tili tonse" agogo akamasimba za Kalulu amazolowera kutsata nkhani, kuyembekezera chotsatira, ndi kusunga mawu atsopano. Ngati pakhomo mumayankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe, musasiye. Simbani nthano m'chiyankhulo chanu, ndipo akawerenga mawu a Chichewa mufunseni kuti kwanu amati chiyani.

Tsiku limene ndinadziwa kuti mwana uja wawoloka, tinali pamzere pa kagolosale. Anaima n'kuyang'anitsitsa khoma, milomo ikugwedera. Ngo, ngo, le. Ma, wa. Anakhala chete pang'ono, kenako anandikoka chitenje: "Azakhali, akuti ngongole mawa. Ndiye tibwere mawa?" Anawerenga mochedwa kwambiri kuposa tsiku la nthungululu lija, koma ulendo uno anamva, mpaka anafuna kuchitapo kanthu.

Masamu: kuimba manambala si kuwerenga zinthu

M'Chichewa timagwiritsa ntchito mawu amodzi, kuwerenga, pa buku ndi pa mbuzi zomwe, ndipo matenda akenso ndi amodzi. Mwana amaimba wanu, thu, fili mpaka 50, koma mukamuuza kuti akupatseni miyala isanu ndi umodzi amangotapa dzanja lodzaza.

Choyamba n'chakuti chinthu chimodzi chilandire nambala imodzi. Asamangoloza patali. Agwire nyemba iliyonse n'kuisuntha kuchoka pamphasa kulowa m'mbale uku akutchula. Akamaliza, funso lomwe lija: zilipo zingati? Muzimutuma ndi manambala: mbale zinayi, nkhuni zitatu, tomato asanu. Bawo ndi mphunzitsi wabwino pa zimenezi, poti mbewu imodzi imagwa m'dzenje limodzi, ndipo wodumpha dzenje anzake amamugwira pompo.

Chachiwiri ndimachikonda kwambiri, ndipo ambiri timachitaya. Manambala athu a Chichewa ali ndi masamu m'kati mwake. Tikati zisanu ndi chimodzi tanena kale kuti 5 kuphatikiza 1. Zisanu ndi zitatu ndi dzanja limodzi lathunthu ndi zala zitatu za dzanja linalo. Makumi awiri ndi zitatu akukuuzani poyera kuti pali makumi awiri ndi zotsala zitatu, ndipo ndi momwe 23 amalembedwera. Mwana amene amangodziwa mayina a Chingerezi amamva fotini, folo n'kumveka koyambirira, ndiye amalemba 41 m'malo mwa 14, kapena amasokoneza 14 ndi 40. Mayina a Chingereziwo awadziwe, poti ndi omwe amamveka pamsika ndi m'minibasi, koma pomufotokozera nenani zonse ziwiri: fotini, ndiye kuti khumi limodzi ndi zinayi.

Thyolani timitengo kapena mapesi, mumange mitolo ya khumikhumi ndi ulusi kapena mphira. Jambulani mzere pansi, mitolo kumanzere, totsala kumanja, nambala ailembe m'munsi mwake. Mtolo umodzi ndi tinayi, 14. Mitolo inayi ndi kamodzi, 41. Aziike pafupi, aone yekha kuti mulu waukulu ndi uti. Mitolo iwiri popanda kotsala, ndipo apo 0 wapeza ntchito yake: akusunga malo opanda kanthu. Pa kuchotsera, monga 23 kuchotsa 7, amasule mtolo umodzi ndi manja ake. Kubwereka kumene adzakumane nako m'kalasi kudzakhala chinthu chimene anachigwirapo kale.

Vuto lina lofala ndi timizere. Mwana akapatsidwa 8 kuphatikiza 5 amajambula timizere tisanu ndi titatu, kenako tisanu, n'kuyamba kuwerenga tonse kuchokera pa 1. Poyamba palibe cholakwika, koma akakakamira pamenepo, pofika pa 47 kuphatikiza 28 tsamba lonse limadzaza timizere ndipo amasokonezeka pakati. Muphunzitseni kuyambira pa nambala yaikulu. Ikani miyala isanu ndi itatu pansi pa kapu yovundikira, iye ataiwerenga kale, isanu ikhale panja. Agwire kapu n'kunena kuti 8, kenako apitirize: 9, 10, 11, 12, 13. Seweraninso zobisa: zitsekerero za mabotolo khumi, inu mubise zina m'dzanja, iye aone zotsala n'kunena zomwe mwabisa. Akadziwa pamtima manambala awiriawiri opanga 10, masamu ambiri a m'makalasi oyamba amapepuka.

Loweruka mutsegulireni kamsika pakhonde. Milu ya miyala ikhale tomato, mapepala odula akhale ndalama za K20, K50 ndi K100. Inu mukhale wogula wovuta amene akufuna chenji chake chokwanira.

Kulemba

Mwana akamadandaula kuti dzanja likupweteka, akamagwira pensulo ndi nkhonya kapena kuboola pepala, zala zake sizinakhwime. Kumukakamiza kudzaza tsamba ndi a sikuthandiza. Aumbe ng'ombe zadothi, atongole chimanga, aswe mtedza, asankhe nyemba, atunge mikanda. Alembe zazikulu kaye, ndi chala pamchenga kapena ndi khala pansi, asanalowe m'mizere yopapatiza ya kope. Kapensulo kakafupi, kotsala pang'ono kutha, nkabwino kuposa yatsopano, chifukwa sikagwirika ndi nkhonya ndipo zala zitatu zimadzipezera malo zokha.

Wamanzere musiyeni alembe ndi manzere. Kumumenya kapena kumumanga dzanja kumangomudanitsa ndi pensulo. Mupendekereni kope pang'ono kuti dzanja lisaphimbe zimene akulemba, ndipo ngati akukhala pa benchi ndi mnzake, akhale kumanzere kuti zigongono zisagundane. Manambala otembenuka ngati 3, 5 ndi 7 ndi ofala kwa ana a zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Ikani kadontho pomwe ayenera kuyambira, muonetseni njira, basi.

Kukopera kuchepe. Tsiku lililonse mutchulireni mawu atatu kuti alembe osaonera, opangidwa ndi maphatikizo omwe akuwadziwa. Awatchule yekha pang'onopang'ono, aombe m'manja, alembe phatikizo limodzilimodzi. Mupatseninso ntchito yeniyeni: alembe zokagula kumsika, mchere, sopo, mafuta, ndipo pepalalo mupite nalo n'kuliwerenga iye akuona. Akalemba nchere m'malo mwa mchere, muyamikireni kaye poti mwamva chimene amafuna kunena, kenako mulembe cholondola pambali. Tsamba lodzaza ndi zokhwatcha limapha mtima. Mawu akamagundana, aziika chala pakati pa mawu ndi mawu.

Ndipo yang'anirani akulu ake. Nthawi zambiri homuweki yokongola imakhala italembedwa ndi mchemwali wa Sitandade 6 amene amafuna kuti amalize msanga akasewere. Muuzeni kuti ntchito yake ndi kufunsa ndi kudikira, pensulo ikhale m'manja mwa mwini wake.

Akamakana, akamalira

Mwana akangoona buku n'kuyamba kumva ludzu, tulo kapena m'mimba, fufuzani nthawi imene mwasankha. Wangofika kumene kuchokera kusukulu ndi njala, kapena ndi usiku atadya nsima maso akulemera? Adye kaye, asewere, kenako mukhale naye kusanade, zomwe zimakupulumutsaninso magetsi akazima. Fufuzaninso nkhope yanu. Ngati kulakwitsa kulikonse kukubweretsa kukalipa, kapena mkwapulo uli pambali, mwana amasankha kungokhala chete kapena kuloweza, poti kuloweza n'kotetezeka. Mawu oti mbuli kapena kape asatuluke, ngakhale mwanthabwala, ngakhale kwa akulu ake. Akadodoma werengani chamumtima mpaka 5 musanamuthandize, ndipo pomuthandiza mupatseni liwu loyamba lokha. Malizani ndi chinthu chimene akuchitha, mulekeze iye akufunabe.

Kholo limene silinapite patali ndi sukulu lisadzione lopanda gawo. Masewera a pakamwa aja, nthano, nyemba, mitolo ndi kamsika sizifuna kuti mudziwe kulemba. Pa malembo pemphani wachibale kapena mnansi, inu mukhale pomwepo n'kumafunsa mwana kuti akuuzeni zimene zalembedwa.

Pamene vuto si la kaphunzitsidwe

Mukachita zimenezi mokhulupirika kwa teremu yathunthu popanda kusintha kulikonse, yang'anani thupi la mwana. Kodi amatembenuka mukamuitana chapansipansi muli kumbuyo kwake? Anayamba watulukapo mafinya m'khutu? Mwana amene samva bwino sangasiyanitse pala ndi phala ngakhale mutabwereza kangati. Kodi amayandikitsa buku kumaso, kutsinzinira poyang'ana patali, kapena kudandaula mutu akawerenga? Kodi nthawi zina amangoti duu kwa kamphindi, maso ali gwa, osayankha, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika? Kodi amadwala malungo pafupipafupi, kapena m'zikhatho ndi m'zikope mwake mwayera? Zonsezi n'zofunika kupita nazo kuchipatala, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akhoza kukuuzani koyambira.

Ngati makutu ndi maso zili bwino koma malembo akumuvutabe kuposa anzake, pamene pa zina ndi wochangamuka, pitani kusukulu. Tengani kope lake ndi makatoni aja, muwaonetse aphunzitsi zimene akutha ndi pomwe akuima: "Madamu, a e i o u akudziwa, ma ndi na akuwerenga, koma akafika pa maphatikizo a malembo atatu akuima." Mawu otere amathandiza mphunzitsi kuposa kungoti mwanayu sakukhoza. Pemphani kuti amumvetsere payekha ngakhale mphindi zisanu, komanso kuti amukhazike kutsogolo. Funsani aphunzitsi aakulu ngati m'zoni yanu muli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ngati iwo sakudziwa, mlangizi wa maphunziro wa zoni, amene amapezeka ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'zoni amakumanirana pa maphunziro awo, ndiye woyenera kumufunsa.